Mtunda wa Mzuzu ndi Likoma m'manja mwa woyendetsa ndege

Mukatenga ulusi n'kuutambasula pamapu, nsonga imodzi pabwalo la ndege la Mzuzu, inayo pabwalo la pachilumba cha Likoma, mupeza makilomita pafupifupi 105. Nambala imeneyi ndi yotchipa. Foni imakupatsani musanaphethire n'komwe, ndipo ngakhale mwana wa fomu 3 amene sankasinza pa phunziro la masamu akhoza kuipeza kuseri kwa kope lake. Mzinda wa Mzuzu uli pa madigiri pafupifupi 11 ndi theka kum'mwera kwa mzere wa equator, pomwe chilumbacho chadutsa pang'ono madigiri 12. Digiri imodzi yolowera kum'mwera ndi makilomita 111, choncho kutsetsereka kokhako kukukwana makilomita 70. Kulowera kum'mawa ndi ena 79. Zotsalazo anatimalizira kale Pythagoras. Dziko ndi lobulungira, inde, koma pa kamtunda kotereka kubulungirako sikusintha kanthu koti munthu n'kudandaula nako.

Kwa woyenda pansi, nambalayi ili ngati chipongwe. Iye amayamba watsetsereka msewu wa M5 makilomita pafupifupi 50 kukafika ku Nkhata Bay, kenako n'kudikira tsiku la Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, kapena boti lina limene lingapezeke. Amagona pa katundu wake, n'kudzidzimuka pa Chizumulu usiku, n'kufika pa Likoma thupi lonse lili lefu. Komatu anthu a malo awiriwa amafunana. Tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Anglican ya kumpoto, St Peter's, chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, chili pachilumbapo, pomwe ofesi ya bishopu ili ku Mzuzu. Wodwala amene matenda ake akanika pachilumba amayang'ana kumtunda. Ndege zambiri zotera pa Likoma zimachokera ku Lilongwe, zitanyamula alendo odzaona nyanja, ndipo ya ku Mzuzu imakhala yochita kubwereka. Koma ine ulendo wa ku Mzuzuwu ndiwo umandikoka mtima, chifukwa m'theka la ola lokha muli pafupifupi chilichonse chimene woyendetsa ndege yaing'ono anaphunzira: phiri, mpweya wopepuka, madzi akuya, mphepo yodziwika dzina, ndi kamsewu kafupi kumapeto.

Muoneni woyendetsayo m'mawa, injini isanalire, atakhala ndi mapu, pensulo, rula ndi kepepala kokhala ndi mizere. Choyamba amataya makilomita athu aja. Anthu a ndege amayeza ndi mailosi a panyanja, ndipo imodzi ndi mamita 1,852. Muyesowu sanautole pamsewu: ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, kotero kuti mapu enieniwo amakhala rula, munthu n'kumayeza mtunda m'mphepete mwa pepala. Makilomita 105 amasanduka mailosi 57. Liwiro nalo amaliwerenga mu knot, kutanthauza mailo imodzi yotere pa ola. Ndege ngati Cessna 206, ya mipando 6 ndi injini imodzi, tiiyerekeze ikuyenda ma knot 120. Amenewo ndi mailosi awiri pa mphindi iliyonse, masamu oti munthu amachita m'mutu kwinaku manja ali pa ntchito ina. Mailosi 57 ndiye kuti mphindi 28 ndi theka. Amajambula mzere, n'kuyeza kumene ukuloza: madigiri pafupifupi 131 kuchokera kumpoto, ndiko kuti pakati pa kum'mawa ndi kum'mwera. Amawonjezerapo timadigiri tochepa, chifukwa mpoto wa kampasi ndi mpoto wa pamapu sagona pamodzi.

Pali kamwayi kena pa ulendowu kamene kamandisangalatsa. Oyendetsa ndege ali ndi lamulo la pamtima lakuti ukaphonya digiri imodzi, pakutha pa mailosi 60 umakhala utapatuka mailo imodzi. Mtunda wathu ndi 57, pafupifupi ndendende muyeso wa lamulolo. Digiri iliyonse imene dzanja lake lalekerera imamutaya makilomita pafupifupi awiri pofika kutsidya. Tsono chilumba chonse cha Likoma ndi masikweya kilomita 18 okha, ndipo m'litali mwake ndi makilomita ngati 8. Madigiri asanu okha, amene pa nkhope ya kampasi ndi kampata kochepa kuposa chikhadabo, ndi okwanira kumudutsitsa pambali pa chilumba chonsecho.

Ndipo madigiri asanuwo alipo amene amawabweretsa. Dzina lake ndi mwera.

Aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaudziwa mwera, mphepo ya miyezi yozizira imene imachokera kum'mwera chakum'mawa n'kukwera nyanja yonse m'litali, kuutsa mafunde amene amakocheza mabwato kwa masiku. Nyanja imeneyi sinyengerera munthu: Bishopu Chauncy Maples anamira momwemu mu 1895, ali pa ulendo wopita ku Likoma komweku atangodzozedwa. Kumwamba kulibe mafunde ooneka, koma mphepo ndi yomweyo, ndipo ndege imayandama mu mpweya monga momwe bwato limayandamira pamadzi oyenda. Mpweya wonsewo ukamasuntha, ndege imasuntha nawo popanda woyendetsa kumva kalikonse m'thupi. Tiyerekeze kuti lero mwera ukuomba ma knot 20 kuchokera pa madigiri 160. Mzere wake uja ukuloza pa 131, ndiye kuti mphepo ikumumenya kumaso koma chakumanja pang'ono. Iye amaing'amba pawiri. Gawo lalikulu, ma knot 17 kapena 18, likumukankhira m'mbuyo. Gawo laling'ono, pafupifupi 10, likumukankhira kumanzere, cha kumpoto. Lakumbuyolo limamudyera nthawi: liwiro lake poyerekeza ndi nthaka limatsika kufika pa 102, ndipo mphindi 28 ndi theka zija zimakhala 33 ndi theka. Lakumbaliro ndilo lachinyengo. Akapanda kulisamala, pofika nthawi imene amayembekezera kuona Likoma adzakhala ali makilomita 10 kumpoto kwake, pansi pali madzi okhaokha. Mankhwala ake ndi kupotoza mphuno ya ndege madigiri asanu kumanja, kuloza kumene sakupita, kuti ndege iziyenda chammbali ngati nkhanu koma mthunzi wake uzitsata mzere wa pensulo uja.

Masamu amenewa amachitira pa kachipangizo kozungulira kotchedwa E6B, timbale tiwiri tolembedwa manambala tozungulirana, kamene Philip Dalton wa ku America anakonza m'zaka za m'ma 1930. Sikafuna batire, sikafuna netiweki. Ndimakonda kuona chala cha munthu wozolowera chikukazunguza, chifukwa sayang'ana kawiri, ndipo yankho asanaliwerenge amakhala atalipenekera kale m'mutu. Likasiyana kwambiri ndi zimene amayembekezera, amadziwa kuti chala chaterereka penapake.

Mwina mukuganiza kuti zimene mwera walanda popita umabweza pobwerera. Subweza zonse. Pobwerera liwiro limakwera kufika pa 137, ulendo n'kutenga mphindi 25. Mukaphatikiza 33 ndi theka ndi 25 mupeza 58 ndi theka, pomwe tsiku la bata ulendo wonse ukanatenga 57. Chifukwa chake n'chakuti ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana ndi mphepo kusiyana ndi nthawi imene ikukankhidwa nayo. Kamphindi ndi theka n'kochepa, koma munthu amene amadziwa kumene kapita ndi amene ndingamukhulupirire ndi moyo wanga.

Chinthu china chimene amalemba pamzerewo ndi kamtanda kakang'ono, ndipo aka ndi kamene ndimakasilira kuposa zonse. Ndi pakati pa ulendo. Inu ndi ine tinganene kuti pakati ndi pa makilomita 52 ndi theka. Iye funso lake ndi lina: wokwera wina akakomoka, kapena injini ikayamba kutsokomola, ndi pati pamene kubwerera ku Mzuzu ndi kupitirira ku Likoma zimatenga nthawi yofanana? Popeza mwera umamuthamangitsa akatembenuka ndipo umamuchedwetsa akapitirira, malo amenewo amasunthira kutsogolo, cha pa makilomita 60. Asanafike pa kamtandako, kwawo kwa msanga ndi kumbuyo, ngakhale maso akumuuza kuti wadutsa kale theka. Akangokadutsa, nkhani yobwerera yatha. Chisankho chimenechi amapanga ali pansi, mtima uli m'malo, tiyi ali pambali, kuti likadzafika tsiku loipa asadzayambe kusinkhasinkha manja akunjenjemera.

Kenako pali nkhani ya madzi. Mzerewo umayenda pamtunda makilomita ngati 40 kapena kuposerapo pang'ono, n'kudumpha gombe cha kum'mwera kwa Nkhata Bay, ndipo otsalawo, pafupifupi 60, ndi nyanja. Mbali ya kumpoto ya nyanjayi ndiyo yakuya kwambiri, mpaka mamita 700 pamalo ena. Ndege ya injini imodzi ikazimitsa siigwa ngati mwala. Imatsetsereka ndi mapiko ake, mamita pafupifupi 9 kutsogolo pa mita iliyonse imene yatsika. Choncho kukwera m'mwamba kuli ngati kusunga chimanga m'nkhokwe. Kutalika amakuyeza mu mafiti, muyeso wa phazi uja, osati anthu otamba usiku, ndipo malamulo amati wolowera chakum'mawa akuyenda moona ndi maso asankhe masauzande osagawika pawiri n'kuwonjezera 500, monga 7,500 kapena 9,500, pomwe wolowera chakumadzulo amatenga 6,500 kapena 8,500. Motero awiri okumana panjira amadutsana wina pamwamba wina pansi. Akasankha 9,500, ndiye kuti ali mafiti pafupifupi 8,000 pamwamba pa madzi, popeza nyanjayo payokha ili mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja yamchere. Kuchokera pamenepo akhoza kutsetsereka makilomita ngati 22. Chotsani 22 kumbali ya Nkhata Bay ndi 22 kumbali ya Likoma, mutsala ndi kachigawo ka makilomita 15 kapena 16 pakatikati pamene sangafike gombe lililonse. Ndi mphindi zisanu zokha. Iye amazidziwa mphindi zimenezo, amadziwa pamene zimayambira ndi pamene zimathera, ndipo n'chifukwa chake amakuvekani jekete loyandamitsa musanakwere, n'kukuchenjezani kuti musalifufumitse muli m'kati mwa ndege.

Koma tisanafike pamadzi, tiyenera kuchoka pansi, ndipo apa ndi pamene Mzuzu umaonetsa khalidwe lake. Bwalo la ndege la mzindawu lili mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere, mafiti opitirira pang'ono 4,100, ndiponso lili m'kati mwa tauni, nyumba zitalizinga. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Mapiko amafuna mpweya wokhuthala kuti anyamule, injini imaufuna kuti ipse bwino, chopukusira cha kutsogolo chija chimaufunanso kuti chigwire. Pa muyeso umene opanga ndege amagwiritsa ntchito, pamalo okwera ngati Mzuzu payenera kuzizira madigiri 7. Masana a October kutentha kukafika 28, ndiye kuti kwapitirira ndi 21, ndipo digiri iliyonse imawonjezera mafiti ngati 120. Ndege imamva ngati yaima pa phiri la mafiti 6,600. Injini yopanda chopopera mpweya imakhala itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake, koma msewu wothamangirapo sunatalike ngakhale phazi limodzi.

Apa ndi pamene sikelo imalowa m'nkhani, ndipo ndi pamene woyendetsa ndege amadana ndi anthu. Amafunsa kulemera kwa aliyense, bwana kaya mayi busa, ndipo chikwama chilichonse amachikweza pasikelo. Mafuta nawo ndi katundu: lita imodzi ya avgas imalemera makilogalamu 0.72, choncho malita 100 ali ngati munthu wamkulu mmodzi wokhala pampando. Ndege yotereyi imamwa malita pafupifupi 60 pa ola. Pachilumba chaching'ono sawerengera zokapezako mafuta, ndiye amanyamula a popita ndi pobwera, a pokwera m'mwamba, a mphindi zosachepera 30 zimene malamulo amafuna kuti zitsale m'thanki masana, ndiponso ena oti akapeza Mzuzu watsekeka ndi mitambo akathe kukafika kwina. Lilongwe ali makilomita oposa 250 kuchokera ku Mzuzu, si pafupi. Lita iliyonse yowonjezera imatsitsa katundu wa munthu wina. Ndipo kulemera kokha sikukwanira, pamafunikanso kudziwa pamene kwakhala. Katundu akachuluka kumchira, ndege imadzutsa mphuno mosaweruzika, monga momwe ngolo yolemera kumbuyo imanyamulira goli m'khosi mwa ng'ombe. Ndiye wonenepa amamuika kutsogolo, ana kumbuyo, zikwama n'kuzimanga ndi ukonde. Mwina mumaona ngati tsankho. Ndi masamu.

Akatha za papepala amazungulira ndege wapansi, dzanja likusisita mapiko, maso ali pa matayala, pa mahinji, pa timabowo timene mavu amakonda kumangamo zisa. Geji ya mafuta saikhulupirira: amakwera pamwamba pa phiko, n'kutsegula thanki, n'kuviikamo kamtengo kolembedwa mizere. Kenako amatenga kabotolo koonekera m'kati n'kukhetsera mafuta pang'ono kuchokera kunsi kwa phiko lililonse, n'kukakweza kudzuwa. Mafuta a mtunduwu amawathira mtundu wobiriwira ngati thambo kuti azidziwika. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, choncho ngati mame a usiku wa ku Mzuzu alowa m'thanki, amaoneka ngati kamkanda koyera kogona pansi pa botolo. Amakhetsa mpaka kamkandako katatha. Ntchito yonseyi amaichita mwakachetechete, mwa dongosolo lomwelo tsiku lililonse, ndipo mukamulankhulitsa pakati amabwerera m'mbuyo kukayambira pamene akukumbukira bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuona dontho la madzi m'malita 200 a mafuta n'chimodzimodzi.

Kumapeto kwa msewu amaima, n'kuilizitsa injini ali chiponderere mabuleki, n'kuchepetsa pang'ono mafuta olowa mu injini kuti agwirizane ndi mpweya wopepukawo. Asanathamange amakhala atasankha kale chizindikiro cha pakati pa msewuwo, ndipo pali lamulo lina la pamtima: pofika pakatipo, ngati liwiro silinakwane magawo 7 mwa 10 a liwiro lonyamukira, dula injini, ima, ukayambenso kuganiza. Akanyamuka sakhotera ku Likoma nthawi yomweyo. Kum'mawa kwa mzinda kuli phiri la Kaning'ina, ndipo ndege yolemera pa tsiku lotentha imakwera mwaulesi. Amayamba wapeza kutalika, kenako n'kugwira mzere wake, n'kulemba nthawi pa kapepala kali pabondo.

Zikatero dziko limayamba kuthawa pansi pake. Mapiri a Viphya amatsetserekera kunyanja, nkhalango zobiriwira, minda ya tiyi ya ku Kawalazi, mitengo ya labala ya ku Vizara itandandalika m'mizere. Wokwera amajambula zithunzi. Woyendetsa akuwerenga. Anawerengera kuti adzadumpha gombe pa mphindi yakutiyakuti, pamalo akutiakuti, ndipo gombelo ndi mboni yomaliza imene ingamuuze zoona asanalowe pamadzi. Akafika mochedwa ndi mphindi imodzi, ndiye kuti mwera ndi wamphamvu kuposa momwe a zanyengo ananenera, ndipo amakonza nthawi yofikira pomwepo. Akadumphira kumpoto kwa malo amene anafuna, amawonjezera madigiri awiri kapena atatu kumanja. Mapu amawawerenga motsatira wotchi: amayamba waona nthawi, n'kuona pamapu chimene chiyenera kukhala pansi pa nthawi imeneyo, kenako n'kusuzumira panja. Wochita mosemphanitsa, woyamba kuona phiri n'kumalifunafuna pamapu, amapeza phiri lililonse likufanana ndi limene mtima wake ukufuna.

Asodzi a utaka a m'derali akhoza kumumvetsa msanga munthu ameneyu. Iwonso akafuna kubwerera pa mwala wa pansi pa madzi pamene nsomba zimasonkhana, amalunjikitsa nsonga ya phiri ndi mtengo wa pagombe, kwinaku akulunjikitsanso zizindikiro zina ziwiri, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana amaponya chilimila. Ndi luso limodzi, kungoti wina amapalasa ndi nkhafi.

Pamadzi zizindikiro zimatha. Masiku owala bwino mapiri a ku Mozambique amaonekera kutali, ndipo ntchito imapepuka. Koma mu September ndi October, tchire likamapsa mbali zonse za nyanja, utsi umadzaza mlengalenga, madzi ndi thambo n'kukhala mtundu umodzi wotuwa, mzere wolekanitsa ziwirizi n'kusoweratu. Apa thupi la munthu limanama. M'khutu muli timadzi timene timatiuza ngati taongoka kapena tapendekeka, koma ndege ikapendekeka pang'onopang'ono timadzito sitimva, ndipo munthu akhoza kulumbira kuti ali tayale pomwe phiko limodzi likuloza m'madzi. Woyendetsa wophunzira bwino amakana thupi lake n'kumvera geji. Maso ake amayendayenda: panja, pa geji yoonetsa kupendekeka, pa kampasi, pa kutalika, pa kutentha ndi mphamvu ya oyilo, panjanso. Nthawi zina kutsogolo kumaoneka mizati yakuda itaima pamadzi ngati utsi wa sitima. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timene anthu a kunyanja amakola n'kupanga ndiwo. Chichewa chinachita bwino kupereka dzina limodzi kwa tizilomboti ndi kwa chifunga cha kumapiri, chifukwa woyendetsa ndege zonse ziwiri amazilambalala.

Wina afunsa kuti GPS nanga ntchito yake n'chiyani. Ilipo, ndipo amaigwiritsa ntchito mosangalala. Imajambula mzere pagalasi n'kumuuza liwiro lake lenileni sekondi iliyonse. Ine sindili m'gulu la anthu olira zakale. Koma taonani kusiyana kwake. Amene anachita masamu ake pansi, GPS ikamuuza kuti afika pakatha mphindi 34 amagwedeza mutu, chifukwa pepala lake linati 33 ndi theka. Ikamuuza 50, amadziwa kuti chala chinalemba dzina la bwalo lolakwika. Amene sanachite masamu alibe choyerekezera, ndipo galasi likazima amatsala ndi madzi, utsi ndi mantha.

Kutsika nako kuli ndi mkangano wake. Likoma ndi wotsika kuposa Mzuzu ndi mamita oposa 700, choncho kuchokera pa 9,500 paja pali mafiti pafupifupi 7,000 oti awataye asanayambe kuzungulira bwalo. Makutu a anthu, makamaka a agogo ndi a makanda, amapirira kutsika kwa mafiti 500 pa mphindi, zomwe zikutanthauza mphindi 14, pafupifupi theka la ulendo wonse. Koma kuyamba kutsika molawirira chonchi ndi kugumula nkhokwe ija uli pakati penipeni pa madzi. Ndiye amanyengerera mbali zonse ziwiri. Amasunga kutalika mpaka chilumba chitalowa m'dera limene angafike injini itazima, n'kuyamba kutsika mofatsa, ndipo mafiti otsala amakawatayira pozungulira chilumbacho. Chizumulu chimayamba kuoneka, chakumanja pang'ono kwa mzere, ndipo ndi mboni yoyamba chichokereni kugombe lija. Likoma amavuta kumuona kusiyana ndi momwe mungaganizire, chifukwa ali makilomita owerengeka okha kuchokera kugombe la Mozambique, kufupi ndi Cobué, ndipo mukamachokera kumadzulo chilumbacho chimabisala m'mapiri a kuseri kwake. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma zazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndiye wodutsa pamwamba mosasamala amapezeka ali m'dziko la eni m'mphindi ziwiri.

Pa wayilesi amalengeza kumene ali ndi chimene akufuna kuchita, kaya pansi pali womuyankha kaya palibe. Amadutsa kaye pamwamba pa bwalo, phiko litapendekeka, kuti aone yekha: kansalu koonetsa mphepo kakuloza kuti, pamsewu pali mbuzi, pali mwana wa njinga? Mafunde a m'mphepete mwa chilumba ndi utsi wa m'makhitchini zimamuuzanso za mphepo. Denga la St Peter's limadutsa pansi, milambe ili njo pakati pa miyala ndi minda ya chinangwa. Amasankha mbali yoti atere moyang'anana ndi mphepo, n'kutsitsa zipsepse za kumbuyo kwa mapiko, n'kugwira liwiro limene buku la ndegeyo limanena pa kulemera kwa lero, osawonjezerapo kalikonse kongodzitonthoza nako mtima, chifukwa liwiro lowonjezera limayandamitsa ndege pamwamba pa msewu umene ukutha. Ali ndi malo amene akufuna kuti matayala akagunde, ndiponso ali ndi malo ena patsogolo pake amene akawadutsa asanagunde amabwezera mphamvu yonse n'kukazunguliranso, popanda manyazi. Matayala akalira, amayang'ana wotchi n'kulemba. Kusiyana kwa nambala imeneyo ndi ya m'mawa ija ndiwo malikisi ake a tsikulo, ndipo palibe wokwera amene amawaona.

Ulendo wobwerera ndi wofupika pa wotchi koma ndi umene umafuna mtima wolimba. Mwera womwe uja, ukamadutsa panyanja, umatola chinyezi, ndipo ukagunda mapiri a pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu umakwera, n'kuzizira, n'kusanduka mitambo yogona pa nsonga za mitengo. N'chifukwa chake derali limalandira mvula yambiri, tiyi n'kumakondwa, ndipo anthu a ku Mzuzu amadziwa mawawa ndi chifunga cha miyezi yozizira. Pa Likoma dzuwa likhoza kukhala likuswa mtengo pomwe kumtunda phiri ndi mtambo zakumbatirana. Dziko lonse linaphunzira kuopsa kwa nyengo ya m'mapiri amenewa pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 yochokera ku Lilongwe inalephera kutera pa Mzuzu nyengo itaipa, n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Bala limenelo likadali laliwisi, ndipo sindikulitchula kuti ndiweruze munthu.

Choncho woyendetsa wathu, asananyamuke pachilumba, amaimba foni kumtunda kufunsa munthu amene akuona thambo ndi maso ake: Kaning'ina akuoneka? Mitambo ili pati? Amawerengeranso dzuwa, chifukwa kuno mdima suchedwa, ukangoti wayamba wagwa. Ali ndi malire amene anadziikira yekha, okhwima kuposa a m'buku, ndipo sawasuntha chifukwa choti wokwera ali ndi msonkhano. Mayankho akapanda kumukhutiritsa amamanga ndege ndi zingwe, n'kutseka timabowo take kuti mavu asalowe, n'kuuza anthu ovala bwino kuti tigona konkuno. Pa zonse zimene ndafotokozazi, ichi ndicho chovuta kwambiri kuphunzira, chifukwa E6B siichita manyazi pamaso pa bwana koma munthu amachita. Ena amanyamuka, n'kufika pagombe, n'kuona khoma la mitambo, n'kutembenuka kubwerera ku Likoma ndi mafuta amene anasungira zomwezo. Kwa ine ameneyo wayendetsa bwino ndege tsiku limenelo, ngakhale kuti sanafike kumene amapita.

Tsono inu amene mudzakhale ndi mwayi wokwera kandege kotere, kaya pa Mzuzu kaya pa Likoma, akadzakufunsani kulemera kwanu mudzanene zoona, osachotserako makilogalamu asanu a ulemu. Ndipo akadzati thumba la usipa litsale lidzabwere pa Ilala, musadzakangane naye. Mudzangolilemba dzina.